Za pa boda ya Muloza: ife a katundu wochepa njira yathu iphweka liti?

Amake Tadala (Limbuli): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi funso ndipo ndikufuna amene mukudziwa za malamulo mundimasulire bwinobwino. Mchemwali wanga anakwatiwa ku Mchinji, amapanga geni yolowa ku Chipata ku Zambia, ndiye amandiuza kuti kwawoko munthu wa katundu wochepa amangodzaza fomu yachidule, pali mpaka munthu wa pa desiki womuthandiza kulemba, basi nkudutsa opanda ejenti. Nde ine ndikudabwa kuti ifeyo kuno bwanji sizimveka choncho? Milange ya ku Mozambique ili pakhomo pompa, tsidya lija kuli abale athu enieni, timayankhula nawo Chilhomwe ndi Chichewa chomwechi, koma munthu ukakhala ndi matumba asanu a nyemba mutu umayamba kuwawa usanafike nkomwe pa geti.

Ankolo a Mapepala: Taswera amake Tadala. Zimene mchemwali wanu akunenazo ndi zoona, dzina lake ndi Simplified Trade Regime, ambiri amangoti STR. Ndi ndondomeko ya COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, yopangidwira anthu a geni zazing'ono, katundu wosapyola madola 2,000 pa ulendo umodzi. Maboma awiri amagwirizana mndandanda wa katundu, ndiye katundu wanu akakhala kuti ali pa mndandandapo ndipo ndi wolimidwa kapena wopangidwa m'dziko mwanu, simulipira msonkho wa kasitomu uja wolowetsera katundu ndipo mapepala ake ndi osavuta. Koma musamve ngati zonse ndi zaulere ayi, VAT ndi misonkho ina ya m'dziko imakhalapobe pa katundu amene amayenera kulipira.

Tsono vuto lathu lili apa. Malawi ndi Zambia onse ali mu COMESA. Mozambique mulibe, iwo ali mu SADC basi. Ife tili konsekonse. Ndiye za COMESA sizingangoyamba zokha kugwira ntchito pa Muloza, pamafunika kuti boma lathu ndi la Mozambique akhale pansi apange zawozawo, agwirizane mndandanda wawo.

Amake Tadala (Limbuli): Ohoo nde nkhani yake ndi imeneyo. Nanga SADC yo ilibe zake?

Ankolo a Mapepala: SADC ili ndi mgwirizano wa malonda opanda msonkho, unakhazikitsidwa 2008, komanso Malawi ndi Mozambique ali ndi mgwirizano wawo wa awiri pa zamalonda. Pa pepala katundu wambiri wa kuno akhoza kulowa uko opanda dyute. Koma kuti mupindule nazo mumafunika satifiketi yosonyeza kumene katundu wachokera, dikalaleshoni ya mu kompyuta yomwe kawirikawiri amakulowetserani ndi ejenti, zaulimi zimafunanso chiphaso chosonyeza kuti mbewuzo zilibe matenda ndi tizilombo, zina mpaka pemiti ya ku unduna wa zamalonda. Kampani yotumiza makontena izi siziona kuvuta, ili ndi kalaliki wa ntchito yomweyo. Koma mayi wa matumba asanu, thiransipoti yopita ku Blantyre kapena ku Bvumbwe kukafuna pepala, kuphatikiza ya ejenti, phindu lonse lathera panjira. Lamulo ndi limodzi kwa onse koma kulemera kwake sikofanana.

Kabaza wa pa Muloza: Ankolo mwalasa. Ine ndimakhala pamenepa tsiku ndi tsiku. Nyengo yokolola chimanga chochokera tsidya lija chimalowa pa njinga usana ndi usiku, njinga imodzi matumba awiri atatu, munthu akukankha osati kupalasa. Anthu amenewa si akuba, ndi anthu ofuna kudyetsa ana. Amadzera kumtsinje chifukwa pa geti sadziwa kuti akauzidwa zingati, nde munthu amaona bola kumadzi komwe akudziwa kuti alipira anyamata owolotsa mwakuti basi. Koma dzinja mtsinje ukadzadza timataya anthu ndi katundu yemwe, zimandiwawa kwambiri chifukwa ena ndi anzathu okulira limodzi.

Aphunzitsi a ku Chitakale: Ine ndifunseko mwaulemu, kodi sitikulimbikitsa kuzemba msonkho pamenepa? Boma limayendera msonkho womwewo, mankhwala m'chipatala, choko m'kalasi. Aliyense akamadzera kumtsinje a MRA atolera chani?

Kabaza wa pa Muloza: Aphunzitsi palibe akulimbikitsa. Ine ndikunena kuti geti ikhale yosavuta kuposa mtsinje, anthu abwera okha. Panopa boma silikupezapo kanthu pa anthu akumtsinjewo, ngakhale kudziwa kuti chimanga chalowa chochuluka bwanji silidziwa bwinobwino.

Nachisale wa Nandolo: Ndilowepo apa chifukwa ine ndinapsa nazo. Chaka china ndinasonkhanitsa nandolo wanga ndi wa anzanga a m'mudzi, tinamva kuti tsidya lija mtengo uli bwino. Panabwera bambo wina wovala bwino nkunena kuti iye ndi ejenti, atipangira mapepala onse, tingomupatsa ndalama. Tinapereka. Mpaka lero sitinamuonenso, foni yake inazima tsiku lomwelo. Nandolo tinakagulitsa motchipa kwa mavenda chifukwa anayamba kufumbwa. Chimene chinatipweteka si umbuli wa kusukulu ayi, ndi kusowa poti nkufunsa. Pakanakhala chikwangwani chachikulu cholembedwa m'Chichewa kuti nandolo thumba limodzi mulipira zakuti, pepala lofunika ndi lakuti, ofesi yake ndi iyo, bambo ameneuja sakanatidyera.

Amake Tadala (Limbuli): Pepani asisi, zimenezo zachitikira ambiri. Azimayi ndi amene timavutika kwambiri chifukwa ukakhala sudziwa lamulo aliyense amene wakuimitsa umangomuopa, ngakhale amene alibe mphamvu iliyonse.

Dalaivala wa ku Luchenza: Moni nonse, ndangofika kumene ndawerenga zonse. Ine mbali yanga ndi ya mathiraki ndiye ndikuuzeni kuti nafenso akuluakulu timalira, kungoti kulira kwathu kumamveka mu madola. Thiraki ikaima pa boda tsiku lathunthu mwini katundu akulipira, kontena ikachedwa kubwerera ku doko kampani ya sitima imatchaja pa tsiku, ndipo ndalama imeneyo mapeto ake mumailipira ndinu pogula feteleza ndi sopo. Chimene chimadya nthawi ndi kuima kawiri. Umaima mbali ya kuno, mapepala, kuyang'ana katundu, sitampa. Ukayenda pang'ono waimanso mbali inayo, zomwezomwezo kuyambiranso, mafomu a Chipwitikizi, inshuwalansi ina chifukwa Yellow Card ya COMESA yomwe timayendera ku Zambia ndi ku Zimbabwe si imene imagwira ntchito uko, ndalama za msewu, chiphaso cholowetsera galimoto. Ndiye netiweki ikagwa mbali imodzi basi nonse mwagona pompo ngakhale mapepala ako ali bwinobwino.

Ku Mchinji anamanga One Stop Border Post, Mchinji ndi Mwami, anatsegulira Disembala 2022 a Chakwera ndi a Hichilema. Kumeneko umaima kamodzi, maofesala a maiko onse awiri amakuonera malo amodzi. Ya Chirundu pakati pa Zambia ndi Zimbabwe inayamba kale 2009. Ndadutsapo ndipo kusiyana kwake kumaoneka. Muloza ikufunika zimenezo.

Ankolo a Mapepala: Achimwene a ku Luchenza ndikugwirizana nanu theka. Nyumba yokongola payokha sithandiza amake Tadala. Mukhoza kumanga boda ya magalasi okhaokha koma ngati fomu ili yomweyo, pemiti ikuchokerabe ku Lilongwe kapena ku Blantyre, mayi uja adzadzerabe kumtsinje, kungoti azidzaona nyumbayo chapatali. Choyamba ndi mndandanda wa katundu ndi fomu ya tsamba limodzi, zimenezi sizifuna simenti. Chachiwiri maofesi onse amene amafunika, a msonkho, a zaulimi, a Bureau of Standards, a zaumoyo, a Immigration, akhale pamalo amodzi ndipo ayang'ane katundu limodzi kamodzi, osati uyu atsegule thumba atseke, winanso abwere atsegule.

Dalaivala wa ku Luchenza: Ankolo zonse ziwiri zikufunika, tisalimbane. Koma musaderere nyumba ndi malo oimika magalimoto. Mathiraki akandandana mumsewu wa M2 pafupi ndi msika, ana asukulu akudutsa pakati pa matayala, si zabwino. Ndipo One Stop si nyumba chabe, pamafunika lamulo lolola ofesala wa dziko lina kugwira ntchito pa nthaka ya dziko linzake, komanso makompyuta a mbali ziwiri azilankhulana. Ife kuno a MRA amagwiritsa ntchito sisitimu ya ASYCUDA World, anzathuwo ali ndi sisitimu yawo. Zikanakhala kuti ndikalowetsa dikalaleshoni ku Blantyre tsidya lija aiona ndisanafike, bwenzi ndikungofika nkudutsa.

Aphunzitsi a ku Chitakale: Pa za ndalama zomangira, pali pulojekiti ya World Bank yotchedwa Southern Africa Trade and Connectivity Project, anaivomereza 2021, ndalama zokwana madola 380 miliyoni za Malawi ndi Mozambique pamodzi, cholinga chake ndi chomwechi, kuchepetsa mtengo ndi nthawi yodutsira katundu makamaka njira ya ku Nacala. Ndiye si kuti akuluakulu sakuziganiza. Nkhawa yanga ndi yoti misonkhano yake imachitikira m'mahotela m'tauni, a kabaza ndi azimayi a pa Limbuli amangomva pa wailesi kuti zasainidwa.

Amake Tadala (Limbuli): Eeh ndi zimenezo aphunzitsi. Ife sititsutsa kuti amasaina. Koma kusaina ku Lilongwe ndi ku Maputo ndi kwina, kuti ofesala amene waima pa geti Lachiwiri m'mawa akudziwa ndipo akutsatira ndi kwinanso. Ine ndidzakhulupirira tsiku limene ndidzaone mndandanda utamatidwa pakhoma.

Bambo a ku Makwasa: Ndakhala chete ndikuwerenga, tsopano ndiyankhuleko ngati mlimi wa tiyi. Ambiri amaganiza kuti nkhani za boda sizitikhudza ife a ku Thyolo poti sitiwoloka. Zimatikhudza kwambiri. Tiyi amene timathyola kuno ndi ku Mulanje pafupifupi yense amapita kunja, South Africa, UK ndi kwina, wina amadzera pa okushoni ya ku Limbe. Kuti afike kwa ogula amayenda pa thiraki, wina ku Beira, wina kudzera Mwanza, Tete, Zimbabwe mpaka South Africa, maboda angapo pa ulendo umodzi. Wogula kunja sawonjezera mtengo chifukwa choti ife tili kutali ndi nyanja, iye amayerekeza ndi tiyi wa ku Kenya amene ali ndi doko lake la Mombasa. Ndiye ndalama ya thiransipoti ndi ya kuchedwa imachotsedwa kuti? Imabwerera mmbuyo mpaka pa kilo ya masamba amene ine ndapereka ku fakitale. Feteleza nayenso amabwera njira zomwezo, akachedwa pa doko kapena pa boda amafika mvula itapita kale. Mlimi amamenyedwa popita ndi pobwera.

Dalaivala wa ku Luchenza: Madala mwanena zoona. Ndipo chimene chimandipweteka ine ndi choti msewu wa Milange mpaka Mocuba anauika tala ndi thandizo la European Union, kale unali wa fumbi ndi matope woti dzinja sungayerekeze. Kuchoka pa Mulanje boma kufika pa Muloza ndi makilomita pafupifupi 30 okha. Ukafika Mocuba ukhoza kutsikira ku Quelimane kapena kukwera ku Nampula mpaka Nacala. Kwa katundu wa Mulanje ndi Thyolo geti yathu yachibadwa ndi imeneyi, koma eni katundu ambiri anazolowera Mwanza chifukwa kumeneko ndi kumene kuli maejenti ambiri ndi zonse zofunika. Njira imakula ndi kudalirika, munthu akadziwa kuti pa Muloza ndidutsa lero lomwe adzabwera.

Bambo a ku Makwasa: Komanso njanji achimwene. Ife tinakula sitima ikudutsa pa Luchenza kutsikira ku Sandama, Makhanga mpaka kumalire ku Marka kukalumikiza ya ku Beira. Madzi atadula njanji ku Chiromo 1997 njira imeneyo inafa. Ya ku Nacala yodzera Liwonde ndi Nayuchi ikuyenda, koma ya kummwera ikanadzuka yonse katundu wolemera ngati feteleza, simenti ndi mafuta bwenzi akuchoka pamsewu, misewu yathu nkupumako.

Nachisale wa Nandolo: Ine za njanji ndi za mtsogolo, ndibwerere pa nandolo. Dziko la India linagwirizana ndi Malawi 2021 kuti lizigula matani 50,000 a nandolo pa chaka. Nandolo ameneyo wambiri amalimidwa kuno kummwera, Mulanje, Thyolo, Phalombe, Chiradzulu. Koma mlimi amagulitsa kwa venda wa sikelo pamsewu, venda kwa wamkulu wa ku Limbe, ndiye aliyense pa mzerewo amachotsa yake ya thiransipoti ndi ya mapepala. Makalabu athu akanakhala ndi njira yosavuta yogulitsira tsidya lija mtengo ukakhala bwino uko, venda wa kuno sakanatiponderezanso chifukwa akanadziwa kuti tili ndi kwina kopita.

Aphunzitsi a ku Chitakale: Koma apa pali funso lovuta lomwe tisalithawe. Chaka cha njala boma limaletsa kutulutsa chimanga kunja, ndipo ambiri a ife timaombera m'manja chifukwa timaopa kuti chonse chithera kunja. Nanga anzathu a tsidya lija atati nawonso atseke chimanga chawo chaka chimene ife tilibe? Mulanje ndi Thyolo minda ndi yochepa, malo ambiri ndi a tiyi, anthu ndife ochuluka, chimanga cha ku Milange ndi chimene chimatipulumutsa miyezi ya Januwale ndi Febuluwale. Sitingamafune geti yotsekuka polowa chakudya koma yotseka potuluka.

Ankolo a Mapepala: Aphunzitsi mwakhudza pamene pali bala. Chimene chimapha malonda kwambiri si msonkho koma ziletso zodzidzimutsa. Taonani zimene zinachitika 2025, Malawi analetsa kulowetsa katundu wina monga ufa ndi mpunga pofuna kuteteza alimi ndi ndalama zakunja, Tanzania nayo mu Epulo inabwezera nkuletsa zaulimi zochokera kuno, katundu anaima pa Songwe mpaka akuluakulu anakambirana. Amene anaonongekerwa ndi anthu wamba a katundu wowola msanga. Mgwirizano weniweni ndi woti dziko likafuna kuletsa chinthu lidziwitse linzake nthawi ilipo, ndipo anthu a pa boda auzidwe tsiku loyambira, osati munthu wapikula kale katundu ndi ngongole ya banki mkhonde nkukamva pa geti kuti kuyambira dzulo nzoletsedwa.

Amake Tadala (Limbuli): Banki mkhonde imeneyo ndi imene imatisowetsa tulo ankolo, chifukwa anzako safuna kumva za boda, amafuna ndalama yawo tsiku lobweza.

Kabaza wa pa Muloza: Palinso nkhani ya ndalama. Chichitikireni kugwa kwa kwacha kuja kwa 44% mu Novembala 2023 kusintha kwacha ndi metikashi kwakhala kovuta, mtengo umasintha m'mawa ndi madzulo, ndipo timasinthira m'manja mwa anyamata apamsewu, wina akakupatsa yabodza ulibe kokadandaula. Bwanji osapanga zoti munthu azitha kulipira pa foni, iwe utumize kwacha pa Mpamba kapena Airtel Money mnzako alandire metikashi pa M-Pesa yake pa mtengo wodziwika? Anthu sakanamayenda ndi mpukutu wa ndalama m'chiuno, achifwamba amadziwa masiku amsika.

Dalaivala wa ku Luchenza: Aise wanena mfundo. Ndionjezere kuti tisadalire njira imodzi. Freddy atabwera Malichi 2023 tonse tinaona mmene misewu ndi milatho ya kuno inaonongekera, malo ena galimoto sizinkafika. Kumapeto kwa 2024 zipolowe za pambuyo pa chisankho ku Mozambique zinasokoneza mathiraki ochokera ku madoko, anzathu ena anagona m'njira masiku ambiri akuopa. Dziko lopanda nyanja limafunika Beira, Nacala, Dar es Salaam zonse zikhale zamoyo, ndipo maboma azikhala ndi nambala zoimbirana pakagwa vuto kuti madalaivala tiuzidwe msanga njira yabwino.

Aphunzitsi a ku Chitakale: Nanga AfCFTA ija, mgwirizano wa malonda wa Africa yonse, yomwe inayamba Januwale 2021, siingathetse zonsezi poti Malawi ndi Mozambique onse anasaina?

Ankolo a Mapepala: Imathandiza pa misonkho ndi malamulo akuluakulu, koma siidzabwera kudzamata chikwangwani pa Muloza. SADC inachotsa kale dyute pa katundu wambiri koma mwamva nokha a Nachisale mmene anavutikira. Zing'onozing'onozi zimakonzedwa ndi anthu a pamalopo, komiti ya maofesala a mbali ziwiri yokumana pafupipafupi, momwe mukhalenso oimira amalonda ang'onoang'ono. Nthawi yotsegula ndi kutseka geti ikhale yofanana. Lisiti pa ndalama iliyonse imene munthu walipira. Desiki ya munthu wodziwa Chichewa, Chilhomwe ndi Chipwitikizi wothandiza kulemba fomu ulere. Woona za mbewu akhale pompo ndi mphamvu yopereka chiphaso cha katundu wochepa.

Nachisale wa Nandolo: Ndipo chimbudzi ndi pogona pabwino pa azimayi ankolo musaiwale. Geti ikatsekedwa iwe uli tsidya lina ndi mwana kumbuyo umagona pakhonde la sitolo.

Amake Tadala (Limbuli): Zoona asisi. Nde tipange bwanji anthuni, tingokambirana pano basi?

Adimini: Zikomo nonse, nkhaniyi yakula bwino. Maganizo anga ndi awa, tilembe kalata imodzi yachidule, mfundo zimene ankolo atchulazi kuphatikiza ya a Nachisale ndi ya kulipira pa foni. Ipite kwa a DC, kwa a MP ndi makhansala a dera la kumalire, ndi ku Cross Border Traders Association poti iwo amakhala nawo pa misonkhano ya unduna. Ankolo a Mapepala mutilembere poyambira, aphunzitsi mukonze chilankhulo, ikhale m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Amake Tadala ndi achimwene a kabaza mutolere maina a ofuna kusaina pa msika, koma maina ndi manambala musaponye pagulu pano, mubweretse pa pepala.

Kabaza wa pa Muloza: Ine ndili okonzeka. Ndiyankhulanso ndi anzathu a kabaza a ku Milange, mwina nawonso alembe yawo kwa akuluakulu awo kuti zikafike mbali zonse nthawi imodzi.

Bambo a ku Makwasa: Mundiikemo, ndipita nayo ku kalabu yathu ya tiyi Loweruka. Ankolo mukalemba muikemonso za feteleza wochedwa uja.

Ankolo a Mapepala: Ndamva madala. Ndiponya pano mawa madzulo muione musanasaine. A Nachisale munditumizire ku inibokosi mitundu ya mbewu zimene azimayi amawolotsa kwambiri, nyemba, nandolo, makaka, mtedza ndi zina zomwe ndaiwala, ndikufuna tiike mndandanda wathu m'kalatamo kuti akamakambirana ayambire pamenepo.